Sabata Imene Ndinali ndi Gitala

Lolemba

Ndagula! Gitala yeniyeni, osati zamasewera. Yakunja, ya matabwa onunkhira, yonyezimira moti ndikudzionera dazi langa lomwe. Ili ndi bokosi lake lakuda, m'kati muli nsalu yofewa kuposa bulangete lathu la alendo. Zaka zonse zimene ndanunkha fodya ku Kanengo ndinkadutsa pa shopu ija m'tauni n'kumangomeza malovu pagalasi. Lero penshoni yalankhula.

Mayi a Tadala aiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumunsi. Akuti: "Ndiye denga lija ndi limeneli?" Zoona, ndalamayo inali yokonzera denga lathu lodontha. Mvula ikadali kutali.

Cholinga n'chimodzi: Loweruka ndikaimbire Che Amidu. Lamulungu ana awo akuwatenga kupita kwawo ku Mangochi, ndipo tonse tikudziwa kuti ku Kawale sadzabwereranso. Chiwagwireni sitiroko, mkono wamanja sugwira, mawu satuluka. Amangoyang'ana. Ine ndimapita kukawaona, n'kukamba za kukwera kwa zinthu ndekhandekha, n'kubwerera ngati chitsiru.

Komatu munthu ameneyu ndi theka la Malata Jazi Bandi! Theka linalo ndine. Anyamata awiri a ku Kawale, ine pa banjo ya chitini cha mafuta ophikira, iwo pa ng'oma ya chidebe. Maukwati, zinkhoswe, ngakhale pa mowa, kumene Che Amidu ankaimba atatsinya nkhope chifukwa samwa. Nyimbo yathu yaikulu inkati: "Nsapato zatha, ku Biwi n'kutali." Ndinaipekera mtsikana wina wa ku Biwi, yemwe pano akundifunsa za denga.

Vuto langa linali kuchedwa kulowa. Ng'oma izungulire, izungulirenso, ine ndikadamezabe malovu. Che Amidu ankakuwa: "Wachedwa, iwe!" mpaka anthu ankayesa ndi mbali ya nyimbo, nawonso n'kumakuwa nawo. Tinalonjezana kuti tsiku lina tidzaiimba pa gitala yeniyeni.

Loweruka ndikalowa pa nthawi yake. Aone!

Lachiwiri

Malamulo a mwini shopu:
– isakhale padzuwa
– isakhale pachinyezi
– isalowe fumbi
– asamaimenyemenye

Fumbi! Ku Area 25, mwezi wotentha uno! Kuno fumbi limalowa ndi mufiriji momwe.

Pabalaza ayi, dzuwa limalowera pawindo. Pamwamba pa wadiropu ayi, makoswe amachitirapo msonkhano. Pamapeto pake yagona pabedi, pakati. Mayi a Tadala akuti: "Mukanandiuza kuti mukubweretsa mkazi wachiwiri, ndikanamukonzera chipinda."

Anaphiri a nyumba yoyandikana nafe anandiona dzulo ndikulowa ndi bokosi lakuda, nditalinyamula ndi manja awiri, ndikuyenda pang'onopang'ono. M'mawa uno afika atamanga mpango, mawu ali pansipansi: "Pepanitu, sitinamve." Ndawatsegulira bokosi. Ayang'ana gitala, ayang'ana mayi a Tadala. Akuti: "Oo. Komabe pepani."

Masana ndayesa kuimba. Mayo zala zanga! Kale nsonga zake zinali zolimba ngati chidendene, ndinkatola nazo khala lamoto n'kuyatsira mbaula ina. Pano cholembera cha muofesi chazilera. Ndangokanikiza pang'ono, mizere yofiira psuu.

Nsambo nazo zachuluka. Banjo yanga inali ndi zinayi, ndipo zinkakwana kuvinitsa Kawale yense. Izi n'zisanu n'imodzi. Ziwiri zonenepa zapamwambazi sindikudziwa anaziitana ndani.

Koma mawu ake, abale! Ukangoikhudza imalira mpaka m'chifuwa. Nyimbo yokha ndiyo sinabwere.

Lachitatu

Sikubwerabe. Mawu ndikuwakumbukira, zala zaiwala njira.

Mwana wanga Tadala wanditumizira vidiyo pafoni, mzungu akutchuna gitala ndi kachipangizo kowalawala. Zachibwana! Ife tinkatchuna ndi mluzu. Che Amidu aimbe mluzu, ine ndizipotokola msomali mpaka waya agwirizane nawo. Tsiku limene adwala chimfine, bandi yonse inkatsika.

Ndachotsa nsambo ziwiri zonenepa zija. Ndazikulunga bwinobwino, zili m'thumba la jekete. Zotsalazo ndatchuna potsatira mluzu umene ukadali m'mutu mwanga. Gitala ikuoneka yogweluka mano, koma zala zayamba kuzindikira kwawo.

Mbiri yawanda. Afika lero:
– wapampando wa kwaya, akuti Mulungu wayankha pemphero lawo
– mlamu wanga, akungofuna chithunzi ataikoleka
– bambo wina sindikumudziwa n'komwe, akuti "ndingoigwirako, madala"

Onse ndawauza kuti ikupuma.

Madzulo ndawaimbira mayi a Tadala ndime yoyamba, yopanda mawu. Amvetsera akusadzula masamba. Akuti: "Zokoma. Ngati za kuhotela." Ndafunsa ngati aizindikira. Akuti: "Ndi ya Khirisimasi?"

Nyimbo imene ndinawafunsira nayo! Zandipweteka, sindinama.

Lachinayi

Ndalidziwa vuto. Gitala iyi ndi yaukhondo kwambiri. Pa banjo paja ndinakhomerapo zitsekerero za mabotolo, ndipo ukakhudza waya zonse zinkayankha: tseche-tseche-tseche. Nyimbo ija inabadwira m'phokoso limenelo, popanda ilo ndi mlendo.

Ndapita pa golosale ya pakona kukatola zitsekerero. Munthu wa penshoni, imvi mbuu, kuwerama pakhomo pa anthu omwa! Wina akuti: "Madala, zafika pamenepa?" Ndamusiya.

Ndazisula ndi mwala, ndaziboola ndi msomali, ndazitunga pa kawaya. Kukhoma msomali pagitala mtima wakana, ndiye ndamata ndi selotepi. Sizinakhale bwino, ndamatula kuti ndisunthe. Selotepi yanyamuka ndi kachigamba ka polishi. Mayo ine! Ndasisita pabalapo.

Kenako ndakhudza nsambo. Tseche-tseche!

Nthawi yomweyo Kawale wakale walowa m'nyumba. Utsi wa mbaula, fungo la zitumbuwa, fumbi la anthu ovina likulowa m'mano. Che Amidu ali ndi malaya a maluwamaluwa amene anasoka okha akuphunzira utelala, mkono wina wautali, wina waufupi. Ankati ndi fashoni ya ku Joni. Ine nsapato za achimwene anga, zodzaza nyuzipepala kuti zikwane. Malipiro athu anali mpunga wa paukwati, ndipo tinkadziona ngati mabwana. Ndawasowa anyamata awiri amenewo.

Kuseri mayi a Tadala akuchapa, ndikumva akung'ung'udza. Kenako akuwa: "Pa 'nsapato' pamakwera! Inu mukutsitsa!"

Ndiye aizindikira! Awonjezera okha: "Komanso ku Biwi sikunali kutali. Munali waulesi basi."

Lachisanu

Thwa! Nsambo yaing'ono yaduka, yandikwapula patsaya. Ndimaikoka kuti ifike pa "nsapato" pokwera paja.

Ndaimba foni kushopu. Akuti zoterozo zatha, zibwera mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Mwezi wamawa ndidzaimbira ndani? Zonenepa zili m'jekete zija sizingathandize, zimalira ngati ng'ombe.

Minibasi mpaka ku Mchesi. Wokonza njinga wandipatsa waya wa mabuleki, akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndaumasula, ndasololapo kawaya kamodzi koonda, monga tinkachitira kale. Izi zokha manja akuzikumbukira osafunsa munthu.

Gitala yanga tsopano:
– nsambo zitatu zakunja
– waya wa njinga
– zitsekerero
– selotepi
– bala

Mwini shopu ataiona akhoza kukomoka.

Koma nyimbo yabwera! Yonse! Kuyambira pa nsapato mpaka pamene mnyamata afika ku Biwi n'kupeza mtsikana wapita kuchigayo. Ndaimba mpaka zala zatupa. Mayi a Tadala adula m'chiuno pang'ono pakhomo la khitchini, ndipo nditacheuka anamizira kuthamangitsa ntchentche.

Ndaipukuta, ndaitsekera m'bokosi. Jekete yasitidwa. Mawa!

Loweruka

Mu minibasi kondakitala akuti: "Mwanayu akhala pamiyendo?" Wakhaladi pamiyendo, mutu uli pakhosi pa mayi a Tadala, njira yonse mpaka ku Kawale.

Kwa Che Amidu katundu ali mbwee pabwalo. Matumba, mipando yomangidwa ndi zingwe, makina osokera atakulungidwa m'chitenje. Anthu akubwera kudzatsazika. Tisanafike n'komwe pakhonde, Abiti Juma, akazi a Che Amidu, atithamangira kudzatilandira katundu monga mwa ulemu wake. Ine mwana woleredwa bwino ndapereka bokosi ndi manja awiri. Ndimati tikhale kaye, tilonjerane, kenako ndiitanitse.

Tili m'kati molonjerana ndikumva kukuwa m'nyumba. Abiti Juma asuzumira m'bokosi! Atuluka, agwada pamaso panga, misozi ili lengelenge: "Achimwene, mphatso yonseyi? Ena abweretsa shuga, ena sopo, koma inu! Mulungu akudalitseni." Ana nawonso agwada. Amayi apakhonde nthungululu.

Ndatsegula pakamwa. Mayi a Tadala anditsina pantchafu. Ndatseka. Kenako ndikumva mawu anga omwe akuti: "N'kanthu kochepa chabe."

Kochepa! Denga lonse!

Aitulutsa, aiika pamiyendo pa Che Amidu. Awonda bwanji mnzanga, malaya akungolendewera. Ayang'ana nsambo, ayang'ana waya wa njinga, akhudza zitsekerero ndi chala. Ndatambasula manja kuti ndiitenge, ndiimbe zimene ndavutikira sabata yonse. Akana. Aikumbatira ndi mkono wamanzere, aitembenuza pang'onopang'ono chafufumimba, n'kuyamba kuimenya kumsana ndi chikhatho. Mphete yachitsulo ili kuchala! Pa matabwa akunja!

Du, du-du, tseche. Du, du-du, tseche.

Ndimati ndikuwe. Koma ndi ng'oma ya nyimbo yathu, ndendende, ngati anaisiya dzulo. Ndangoti kakasi. Yazungulira. Yazunguliranso. Ndiye ndayamba, manja ali lende: "Nsapato zatha..."

Aleka kumenya. Andiyang'ana. Pakamwa papotoka, alimbana nawo mawuwo, alimbana nawo, mpaka atuluka:

"Wachedwa... iwe."

Abiti Juma agwira pakamwa. Akuti chichokereni kuchipatala sanawamvepo mawu awiri otsatizana. Ine ndaseka kwambiri, kenako sikunalinso kuseka, ndipo sindinabise.

Tayambiranso. Mayi a Tadala andithandiza pa "nsapato" pokwera paja. Taiimba mpaka tiyi wazizira.

Lamulungu

Lole yanyamuka m'mawa. Sindinapite, sindikanakwanitsa. Akuti Che Amidu akana kuti gitala ikwere kumbuyo ndi mipando. Yakhala kutsogolo pamiyendo pawo, padzuwa, windo lili pululu, thukuta ndi fumbi, iwo akuimenya. Malamulo onse a mwini shopu atha tsiku limodzi.

Masana wakabaza wafika ndi bokosi lakuda. Abiti Juma alibweza monga amabwezera mbale ya ndiwo kwa mnansi, muli kanthu. Anaphiri aliona likulowa, koma lero sanabwere kudzapepesa. Lero ndiye likanakhala tsiku lake.

Ndatsegula. Pa nsalu yofewa paja pagona banjo yanga ya chitini. Yadzimbiri, yopanda waya, zitsekerero zake zikadalipo. Ine ndinkayesa inatayidwa kalekale, pomwe Che Amidu anaisunga kuseri kwa makina osokera zaka zonsezi. Ankaponyamo mabatani. Ikununkha mafuta a makina.

Katundu wanga tsopano:
– bokosi lapamwamba
– chitini
– nsambo ziwiri zonenepa

Ndazimangapo. Potchuna ndadikira mluzu, kenako ndakumbukira. Ndayesa wanga, wangotuluka mpweya.

Madzulo kwachita mdima, chizimalupsa chafika osagogoda. Mayi a Tadala atchera beseni pabalaza pamene pamadontha paja. Kenako angokhala pambali panga. M'beseni mwayamba: du, du-du. Du, du-du.

Ndatenga banjo. Ndachedwanso kulowa. Palibe wandiuza.