Ambulera ya a Tikaone

Nduna zonse zimene ndazimvapo pa wailesi zili ndi yankho limodzi: "Boma likuganizira." A Tikaone okha, nduna ya misewu ndi milatho, ndiwo analibe yankho limeneli m'kamwa mwawo. Phungu akawafunsa funso m'Nyumba ya Malamulo, iwo ankadzuka, kugogoda pansi ndi ambulera yawo yakuda, gu, gu, n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone." Ndipo sikunali kuseka ayi. Galimoto inkakhala ikulira kale panja. Dzina lawo lenileni linafera pomwepo.

Ine ndimagulitsa nyuzipepala pasiteji ya basi, moyang'anizana ndi shopu ya alamu anga ometa tsitsi. Sukulu sindinapite nayo patali. Kuwerenga ndinaphunzirira pa nyuzi zomwe ndimagulitsazi, ndipo wofuna kutsutsa abwere adzatsutse pamaso panga. Tsiku la mafunso alamu ankatulutsa wailesi pakhonde, ine n'kukwera pa kreti kufotokozera anthu zimene zikuchitika m'Nyumbamo, pakuti wailesi imapereka mawu okha, nkhope ndi manja ndinkaperekera ine.

Woyamba kupsa anali phungu wina wa mbali yotsutsa amene tinkamutchula kuti a Suti Yoyera. Munthu wonunkhira mpaka pa wailesi.

"A Sipikala, kodi nduna ikudziwa kuti msewu wa m'dera langa wasanduka dziwe la achule?"

"Sindikudziwa, a Sipikala," anatero a Tikaone. Gu, gu. "Tiyeni tikaone."

"A Sipikala, ine ndimangofuna yankho."

"Yankho lili kumsewuko, olemekezeka. M'thumba muno muli mpango wokha."

"Nduna ikhale pansi, Nyumba sinaweruke," anatero a Sipikala.

"Ndikhala, bwana. Koma pa nthawi ya tiyi wina awagwirire olemekezekawo, angatulukire khomo la kuseri."

Anapitadi. Ndipo apa mpamene zinaonekera kuti a Suti Yoyera, chisankhidwire, anali asanapondeko kudera kwawo. Anasochera. Anachita kutsitsa galasi kufunsa mayi wina wosenza nkhuni, mayiyo n'kuwayankha kuti, "Pitani chakumanzere, koma mukakumana ndi phungu wathu mumuuze kuti tikumufuna." Galimoto itatitimira, a Tikaone anakhala phee pampando n'kunena kuti, "Msewu ndi wanu, olemekezeka. Kankhani." Chithunzi chinatuluka pa tsamba loyamba. Suti ija inali ngati mwaiviika mu khofi. Tsiku limenelo nyuzi zinatha dzuwa lisanatenthe, ina ndinachita kuilanda m'manja mwa mwini wake kuti ndiipachike mu shopu ya alamu.

Koma chimene chinkaopsa anthu a mu ofesi yawo si ulendowo ayi, ndi ambulera. A Tikaone anali ndi ambulera imodzi yokha, yachikale, ya chogwirira chokhota. Ankapimira nayo chilichonse. M'Nyumba ankabwera n'kunena kuti, "Ndaona, a Sipikala. Dzenje lili pakati pa msewuwo ndi lakuya ambulera ndi theka. Akagweramo olemekezeka a kumapiri aja, tidzangoona chipewa." Akatha kupima, ambulerayo ankaisiya pamalo pomwepo, kuikoleka pamtengo kapena pachitsulo, ndipo sankaitenga kufikira makina okonzera msewu atafika. Masiku onsewo ankayenda pamvula mutu uli pamtunda. Ankalowa mu ofesi madzi ali chuchuchu, n'kukhala pa desiki ya mkulu wa mainjiniya, kudonthezera mapepala ake, kuyetsemula. Mkulu wina anawagulira ambulera yatsopano. Iwo anaipatsa mlonda wa pageti n'kubwerera kukadonthezera mapepala aja. Ndani angapirire nduna yonyowa? Makina ankanyamuka okha.

Phungu wina akafunsa ambulera isanabwere, ankamuyankha kuti, "Dikirani, olemekezeka. Ambulera ili kuntchito."

Posakhalitsa aphungu anayamba kubwera tsiku la mafunso atavala majombo. Wina atamva gu, gu, mtima unamuthawa.

"A Sipikala, funso lija ndalibweza. M'mimba mwandipotokola."

"Palibe vuto," anatero a Tikaone. "Chipatala chili panjira pomwepo. Tikaonanso kumeneko."

Anzawo a mbali ya boma nawo sankawakonda. Nduna yanji yonena kuti "sindikudziwa" dziko lonse likumva? Ngakhale alamu anga, uku akumeta munthu, ankati, "Alamu, musapusitsidwe, izi n'zisudzo chabe." Alamu ndinkawasiya chifukwa ndinakwatira mlongo wawo. Koma kondakitala wina atanena zomwezo ndinamugwira pakhosi pa malaya, mabatani n'kuthothoka ngati chimanga. Ine munthu wanga sanyozedwa ndili pomwepo.

Tsopano mvetsani chimene chinkandiwawa. Kuseri kwa nyumba zathu kuli ngalande yaikulu. Mlatho wake unapita ndi madzi kalekale, kunangotsala zitsulo ziwiri zoyang'ana kumwamba ndi paipi ya madzi yodutsa pamwamba. Pa paipi imeneyo ndi pamene akazi anga amawolokera m'mawa uliwonse popita kukachapa kuchipatala, nsapato zili m'manja. Telala wa pafupi nafe anaterereka pamenepo chaka china mvula itagwa. Tinapeza tepi yake yopimira itakola pa udzu. Iyeyo tinakamupeza kutali.

Pamaliro pakepo ine ndinalumbira anthu onse akumva. "A Tikaone adzaponda pano! Akapanda kubwera, alamu mundimete mpala ndi botolo losweka!"

Vuto linali limodzi. A Tikaone ankapita kokha kumene funso lafunsidwa m'Nyumba, ndipo phungu wathu tinkamutchula kuti a Tulo. Munthu ameneyu mawu ake wailesi inali isanawamvepo. Ndinayamba naye. M'mawa ndili pageti pake: "Olemekezeka, dzukani, paipi ikukufunsani!" Galimoto yake ikaima pamphambano, ndili pawindo. Akatumiza dalaivala kudzagula nyuzi, ndinkati, "Kawauzeni abwana kuti nkhani zawo zatha, akafunse funso kaye." Akazi anga ankandikoka malaya. "Bambo ake, mudzatimangitsa inu." Ndinkati andimange, kundendeko kulibe paipi.

Mapeto ake a Tulo anatopa. Tsiku lina la mafunso tinamva mawu achilendo, onjenjemera ngati mbuzi yonyowa.

"A Sipikala, ndili ndi funso."

"Pepani," anatero a Sipikala, "olemekezeka ndinu phungu wa kuti?"

Pakhonde pa alamu anthu anagwa ndi phwete. Koma funso linafunsidwa, ngalande yathu inatchulidwa m'Nyumba ya Malamulo. Tinamva mpando ukukwekwereka, munthu akupuma movutika. Gu. Patapita kanthawi, gu.

"Tiyeni tikaone."

Ine ndinalumpha pa kreti mpaka kuiswa. Alamu okha ndiwo anati, "Mwawamva mawuwo, alamu? Munthuyu sali bwino." Ndinawauza kuti asinthe mabatire.

Anabwera m'mawa mwake, kukuwaza kamvula. A Tulo anatsalira m'galimoto, ati bondo. Nduna inatuluka yokha, ndipo ndinachita kuyang'ana kawiri. Munthu amene pa nyuzi ankadzaza tsamba anali atatha, jekete likulendewera ngati lapachikidwa pamsomali. Anayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa ngalande. Nthawi yomweyo n'kuti akazi anga ali pakati pa paipi, nsapato m'manja, mikono ili tambalale. A Tikaone anawayang'ana mpaka ataponda tsidya linalo.

"Mayi!" anaitana. "Mumawoloka chonchi masiku onse?"

"Kupita ndi kubwera, bwana."

"Simuopa?"

"Timaopa, bwana. Koma odwala akufuna nsalu zoyera."

Kenako a Tikaone anandiona ine, mwini pakamwa, amene ndimamveka mpaka kumsika. Anatembenukira kwa ine.

"Ndiwe uja umalalata pageti pa olemekezekawa?"

"Ndine, bwana."

"Akuti ulibe ulemu."

"Ndi zoona, bwana."

"Usasiye."

Anatsikira m'ngalandemo atandigwira phewa. Dzanja lawo linali lotentha ngati mbaula. Anapima ndi ambulera ija kuyambira pansi mpaka pa paipi, akuwerenga chamumtima, kenako anaikoleka pa chimodzi cha zitsulo za mlatho wakale.

"Bwana," ndinatero, "lero lokha tengani. Mvulayi ikula, ndipo inu thupi latentha."

"Ukufuna mlatho kapena ukufuna nduna youma?" Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Ndaona. Ndikayankha m'Nyumba. Iyi ndidzaitengera pamlatho."

Anabwerera kugalimoto madzi akutsika m'khosi mwa malaya. Ndinawatsatira ndi nyuzi kuti ndiwafunditse kumutu. Anaikankha ndi dzanja.

Sanafike tsiku la mafunso lotsatira. Nkhani ya imfa yawo ndinaigulitsa ndi manja anga omwewa, ndipo tsiku limenelo sindinafuule mutu wa nkhani. Ndinkangopereka.

Nyumba itakumananso, alamu anatulutsa wailesi monga mwa masiku onse. Funso la a Tulo linali likadali pamndandanda, kuyembekezera yankho. A Sipikala analiwerenga, ndipo mwachizolowezi anati, "Nduna ya misewu iyankhe." Atatero m'pamene anakumbukira. Nyumba yonse inangoti zii. Anthu okuwizana ngati pamsika aja, palibe ngakhale wotsokomola. Alamu anazimitsa makina ometera, munthu ali wometedwa mbali imodzi. Wailesi inkangoti sii.

Kenako tinamva. Gu. Gu.

Alamu amati wina anagunda maikolofoni. Amatero mpaka lero, koma akamanena sandiyang'ana kumaso. Ine ndamvera Nyumba imeneyi zaka zonse zimene ndakhala pasitejipa, kugunda kwa maikolofoni ndikukudziwa. Ndipo ambulera inali kuseri kwa nyumba zathu, ndinali nditaiona m'mawa womwewo.

Patapita kanthawi inadzuka nduna ina, ya mawu osalala. "A Sipikala, boma likuganizira."

Madzulo ake ndinapita ndi botolo losweka kwa alamu. Analilandira n'kuliika pansi pa tebulo.

"Munalumbira kuti adzabwera, alamu. Anabwera."

"Anabwera, koma sanayankhe."

"Imeneyo si nkhani ya tsitsi lanu. Pitani kunyumba, mlongo wanga akudikira."

Ambulera ija ikadalipo. Kwathu kuno akuba amazula ngakhale zitseko za zimbudzi, koma imeneyo palibe waikhudza. Ana akamadutsa amatsitsa mawu. Nsalu yake yayamba kutuwa ndi dzuwa. Anthu a mu ofesi ija sanabwere, pakuti palibenso wowadonthezera mapepala. Aphungu anavula majombo. A Suti Yoyera ayambiranso kufunsa za misewu imene sanaionepo, ndipo amayankhidwa bwinobwino, aliyense n'kupita kwawo ali woyera. A Tulo anabwerera kutulo. Tsiku la mafunso alamu amatsegulabe wailesi, koma anthu sasonkhananso, ndipo kreti ina sindinafune.

Ine tsiku limenelo ndimatseka msanga n'kukaima pageti pa Nyumba ya Malamulo. Galimoto iliyonse yakuda ikamatuluka ndimathamangira pawindo. "Olemekezeka! Funso lija silinayankhidwe! Tiyeni mukaone!" Magalasi satsika. Apolisi a pamenepo anatopa nane, amangoti, "Afika a paipi aja." Akazi anga anasiya kundikoka malaya. Anamva okha zimene ndinauzidwa m'mphepete mwa ngalande muja.

Mvula yoyamba ya chaka chino inagwa m'bandakucha. Nditawaperekeza akazi anga kungalande, tinapeza ambulera ili yotambasula. Chogwirira chinali chitalowa bwinobwino pachitsulo, iyo itaima chilili, kuphimba kamalo kaja kamene anthu amaima povula nsapato. Pansi pake panali pouma.

Ndinafunsa nyumba ndi nyumba, ndinafunsa mokalipa monga mundidziwira. Palibe amene anavomera. Alamu anati mwina ndi mphepo, ndinawafunsa kuti mphepo yanji yodziwa kukanikiza kabatani, anangopitiriza kusesa tsitsi.

Akazi anga anaima pansi pake, anavula nsapato, n'kuyang'ana madzi akuda akuthamanga pansi pa paipi.

"Bambo ake," anatero, "musaitseke."

Anakwera pa paipi. Ine ndinaima pamvula, mutu uli pamtunda, kuwayang'ana mpaka ataponda tsidya linalo.