Kuthokoza Kampani Imene Inandipezera Mkazi Wanga Wakale

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Maulendo a Chikondi Chachiwiri,
Aomori.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha chaka chino chakupezani muli m'nyumba yofunda, osati mmene chinatipezera ife m'basi yanu. Ine ndine Kuroiwa Shigenobu, wopuma pa ntchito yokonza mawotchi, mmodzi mwa okalamba amene munatitengera ku Hakodate kuti tikaone matchalitchi, kachisi ndi msika wa Khirisimasi, komanso kuti aliyense akapezeko mnzake wokalamba naye. Sindinalembetse ndekha. Anandilembetsa ndi mwana wanga Chizuru, atatopa ndi kundipeza ndikucheza ndi firiji. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo ndaika manambala poopa kuti mungaphonye china.

1. Ndikuthokoza makina anu osankhira anthu mabanja. Mafunso anu ndinayankha moona mtima, kupatula la zaka ndi la tsitsi. Makinawo anasanthula akazi onse a kumpoto kuno n'kundipezera mmodzi amene timagwirizana pa zonse: chakudya, nyimbo, ngakhale dzina la mwana. Nditakwera basi ndi maluwa kumanja, pampando umene munandipatsa ndinapezapo Tomoe, mkazi amene anandisiya nditangopuma pa ntchito. Anayang'ana ine, nayang'ana maluwawo, n'kunena kuti, "Bambo a Chizuru, ukwati wathu wonse simunandigulirepo ngakhale udzu. Ikani pamwambapo, angakuyetsemulitseni." Ndinaika.

2. Kapepala kanu kanalonjeza kuti amuna ndi akazi tidzakhala ofanana chiwerengero. Akazi analipo awiri, wachiwiriyo ndi mtsikana wanu wotitsogolera, wonyamula kambendera uja. Ena tonse tinali madala, mitu ili bii ndi mankhwala odetsa imvi. Izi sizinandifooketse. Ndinati pa gulu lonseli ndine ndekha amene ndikudziwa njira ya kumtima kwa Tomoe, kuiwala kuti njira yomweyo ndi imene ndinasocheramo. Ndinatsimikiza kuti pofika Lamlungu ndikhala nditamubweza pakhomo.

3. Ndikuthokoza poimika basi kumunsi kwa chitunda, pamene tchalitchi chili pamwamba, msewu wonse uli madzi oundana. Mwina mumafuna kuona amene akadali ndi mphamvu. Ine, ndi nsapato zatsopano zoterera, ndinatambasula dzanja kuti Tomoe agwire. Sanagwire, ndipo anachita bwino, chifukwa nthawi yomweyo ndinagwa chagada n'kutsetsereka kubwerera kubasi, ndikupatsa moni anzanga onse amene ndinawapitirira. Amene ananditola ndi a Nagumo, msodzi wopuma, munthu wosayankhulayankhula. Anandibereka kumsana mpaka pakhomo la tchalitchi.

Pakhomopo anatiuza kuti tivule nsapato. Chala changa chachikulu chinasuzumira pachiboo cha sokosi, ngati chikufuna kupemphera nawo. Tomoe ananong'ona, koma mawu akewo tchalitchi chonse chinamva: "Sokosi zimenezo ndinagula ine, Chizuru ali kusekondale." A Nagumo anapisa m'thumba la jekete nandipatsa zina. "Valani izi, achimwene, msodzi sayenda ndi peyala imodzi." Tomoe anazilanda, nazitembenuza, naona chigamba chosokedwa bwino pachidendene. "Mumasoka nokha?" Iwo anati, "Ndimaphikanso, mayi." Ine ndinali ndikusirira zithunzi za oyera mtima, osadziwa kuti kumbuyo kwanga nkhani yatha kale.

4. Lamlungu m'mawa munatitengera kukachisi. Ndinaponya kandalama m'bokosi, ndinaliza belu, ndinawomba m'manja, n'kupempha kuti Tomoe apeze mwamuna wabwino womusamala pa ukalamba wake. Dzina langa sindinatchule, poganiza kuti milungu idziwa yokha kuti ndikunena ine. Pamenepa kampani yanu sindiyiimba mlandu. Milungu inamva ndendende zimene ndinanena.

5. Madzulo ake, kumsika wa Khirisimasi wa kudoko, ndinagula makapu awiri a msuzi wa nkhanu. Ndinamupeza Tomoe ataima pafupi ndi mtengo waukulu wa magetsi, chipale chofewa chikumugwera pachipewa. Mawu amene ndinakonzekera ulendo wonse anandithawa, ndipo ndinangoti, "Mayi a Chizuru, m'nyumba muja mukuzizira masiku ano."

"Itanani wokonza mbaula," anatero.

Kenaka anandikonza kolala ngati kale, nayankhula mofatsa. "Inu si munthu woipa ayi. Koma ndinakhala nanu ngati wotchi ya pakhoma. Mumandiyang'ana mukafuna kudziwa ngati nthawi ya chakudya yakwana." Sanandinamizire. Analandira makapu onse awiri, imodzi n'kupatsa a Nagumo amene anali ataima chapomwepo. Iwo anandithokoza kwambiri. Msuziwo akuti unali wokoma.

6. Ndikuthokoza chifukwa cha kapepala kanu katsopano kotsatsa malonda, kamene kafika nyumba iliyonse m'dera lathu. Pachikuto pali Tomoe ndi a Nagumo akumwetulira pansi pa mtengo uja, ndi mawu akuti makina anu salakwa. Sindikufuna kukumbutsa munthu wotanganidwa ngati inu kuti makinawo anasankha ine. Komabe simunandiiwale. Kumbuyo kwawo kukuoneka mdala wina ali kukamwa yasa, manja ali m'malere ngati akadagwira makapu. Anzanga amene timasamba nawo kubafa la anthu onse la m'dera lathu amata kapepalako pakhoma.

Sabata yatha a Nagumo anabwera kwathu ndi chikalata cha ukwati, chifukwa pakufunika mboni ndipo Tomoe wati palibe amene angachitire umboni bwino kuposa ine. Anabwera ndi nsomba zouma. Ndisanamalize kudinda chidindo changa, anali atandikonzera kale mbaula. Ndayesetsa kudana naye munthu ameneyu, Bwana, koma zikukanika.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti kampani yanu isanakwatitse awiriwa inali isanakwatitsepo aliyense. Ndiye ndikupempha modzichepetsa kuti makina aja muwazimitse, mundilembe ntchito ineyo. Muzindikweza basi iliyonse n'kundikhazika pafupi ndi mayi aliyense amene akukayikakayika. Sindidzafuna maphunziro. Ndidzangokhala mmene ndililimu, ndipo ndikukulonjezani kuti pofika Lamlungu madzulo mayiyo adzakhala atakwatiwa ndi wina.

Ine wanu wodzichepetsa, amene msana ukadawawa,

Kuroiwa Shigenobu