Galasi la Mawaya Likukana Kutentha

Lolemba

Hull, mzinda wa kuno kunja, m'mamawa. Ayisi wagwira galasi la galimoto kuti gwa! A Phiri akutchalitchi, amene anandigulitsa galimotoyi, anati galasi lakutsogolo limadzitenthetsa lokha: "Mungodina batani, achimwene, basi." Ndapotokola kiyi pang'ono kuti magetsi ayake, ndadina. Zii. Injini sindikuliza ayi. Munthu amene anagonapo pamzere wa petulo ku Lilongwe sawotcha mafuta galimoto itangoima.

Ndapala ayisi ndi khadi la kubanki. Ndafika mochedwa kwa a Brian, nkhalamba imene ndimaisamalira, pomwe mankhwala awo a shuga ndi a seveni koloko. Manijala wayimba foni: ndikachedwa katatu tikhala pansi. Viza yanga yamangiriridwa pa ntchito yomweyi. Ndikuopa ndithu. Galasili ndilikonza ndekha.

Lachiwiri

Ndalawirira, ndapala, ndafika nthawi yabwino. Masana ndayandikitsa mphuno pagalasi. Kodi! Muli timawaya tosaoneka bwino, tokhotakhota ngati tsitsi la khanda. Analowetsamo bwanji m'kati mwa galasi? Ndani anali ndi mtima woleza chonchi? Ndaima pamenepo mpaka mayi woyandikana nafe wasuzumira pawindo.

Amene ndikuwakayikira: fyuzi, batire, waya wothothoka pakona, a Phiri.

Lachitatu

Bokosi la mafyuzi lili kunsi kwa chiwongolero, malo oti munthu ugone chagada miyendo ili panja. Timafyuzi tokongola bwanji, tofiira, tachikasu, tabuluu! Ndazula tonse kuti nditione padzuwa. Ndaiwala kujambula mmene tinakhalira, ndabwezera mongoganizira.

Zotsatira: galasi silikutenthabe, wailesi yafa, hutala ikulira ngati mwana wa mbuzi. Kuchedwa kwachiwiri. A Brian ndawapeza atakhala pabedi, akunjenjemera ndi njala. Manyazi andigwira.

Lachinayi

Ndafunsa pagulu la foni la kutchalitchi. Mayankho:
pakani mbatata ya kachewere,
thirani viniga,
fundikani chitenje,
"tiyeni tiliike m'mapemphero".
A Phiri ati, "Kwa ine limagwira bwinobwino." Ndafundika chitenje cha mayi akunyumba, chija cha chigwirizano cha amayi.

Lachisanu

Chitenje chauma ndi ayisi, chamatirira pagalasi, sichikuchoka. Nthawi ikupita. Ndawiritsa madzi m'ketulo. Mayi akunyumba ali pakhomo: "Bambo a Chiso, please, musathire!" Ndathira.

Thee! Mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, mbali ya dalaivala. Chodabwitsa, galasi silinagwe, lili ndi zikopa ziwiri. Ndinafuna kuliona bwino koma nthawi panalibe. Liwiro la kubasi. Ndalowa kwa a Brian patatsala mphindi ziwiri. Ntchito yapulumuka. Chitenje chang'ambika, kunyumba sakundiyankhula.

Loweruka

Ndawafotokozera a Brian zonse ndikuwapatsa phala. Kale ankakonza malole kudoko. Amvetsera mpaka kumapeto, apukuta pakamwa, ati: "Was the engine running, lad?"

Ndati ayi, injini sindinalize, mafuta. Aseka mpaka kutsamwa, ndachita kuwasisita pamsana. Ati galasilo limadya moto wambiri, ndiye galimoto siilola kuti liyake injini isanalire, poteteza batire. Ndiye kuti galimoto inali ndi nzeru zake sabata yonseyi, wopanda nzeru ndinali ine.

Lamulungu

Mafyuzi ndabwezera motsatira buku, limene linali m'galimoto momwemo nthawi yonseyi. Ndaliza injini. Ndadina batani. Kagetsi kayaka! Ayisi wayamba kusungunuka mizeremizere, madzi kutsetsereka, ine kukamwa yasa. Kukongola kwake!

Koma wasungunuka mbali ya pasenjala yokha. Mbali yanga, kumene kunadutsa ketulo, mawaya anaduka, ayisi ali phee. Mayi akuona msewu wonse wa kutchalitchi, ine sindikuona ngakhale boneti. Ati, "Musadandaule, ndizikuuzani kokhota." Aka n'koyamba kundiyankhula chiyambire Lachisanu.

Tapita pabasi. Mawanso pabasi, ndidzuka folo koloko, kuchedwa kwachitatu sindingakuyese dala. Pa Krisimasi a Phiri ndidzawapepesa, mumtima ndinawatchula mayina oipa.

Tisananyamuke ndinakhala kaye m'galimoto kuonerera theka labwino lija likuchita nthunzi. Mphindi imodzi yokha. Kenako ndazimitsa injini. Mafuta.