Mpando ndi Kalilole Zitsale, Wometa Achoke

Kwa Olemekezeka,
Loya Wamkulu, Phungu wa Nyumba ya Malamulo ya Chigawo, amene tsopano mukupita kokapuma,

Ndagwada, bwana, ngakhale bondo lakumanzere likukana. Ndine wometa uja wa pansi pa masitepe, m'nyumba imene munayambiramo ntchito ya uloya. Ndalemba poyera chifukwa makalata atatu amene ndinasiya pachipata panu anathera kwa mlonda, ndipo ndamva kuti akuwasunga bwino kwambiri.

Lachiwiri ndinalandira pepala lochokera ku komiti yanu. Akuti nyumba yonseyi isanduka malo osungiramo mbiri ya moyo wanu, ndipo ine ndichoke pakutha pa mwezi. Akutinso mpando wanga wometera ndi kalilole zitsale, poti ndi zinthu za mbiri. Ndinawerenga kawiri, misozi ili chuchuchu. Sindinkadziwa kuti zaka makumi atatu zonsezi ndakhala ndikukhazika anthu wamba pa chinthu cha mbiri. Mundilole ndithokoze mwadongosolo, monga mumachitira anthu ophunziranu.

Choyamba, zikomo pokumbukira kalilole. Mu ofesi yanu munalibe, choncho m'mawa uliwonse munkatsika, mkanjo wakuda uli paphewa, kudzayeserera mlandu pamaso pake. Ine munkandisandutsa woweruza, tawulo kumutu m'malo mwa wigi, chipeso m'manja chomenyera tebulo. Pamaso panga simunagonjepo. Kukhoti kwenikweni ndiye kunkavutako pang'ono. Ndimaukumbukira mlandu wanu woyamba, wa mbuzi imene inadya zovala za eni ake pachingwe. Munayankhula maola awiri osameza malovu, mpaka mwini mbuzi, amene inuyo munkamuyimira, anakweza dzanja n'kupempha woweruza kuti angomulipitsa, bola loya wake akhale pansi. Ndamva kuti komiti sinaitchule mbuziyo. Ndi kuiwala chabe, ndikhulupirira.

Chachiwiri, munaphunzitsa tauni yonse kuleza mtima. Mlandu uliwonse munkapempha kuti uyambe waima mpaka Lolemba, ndipo anthu, pokukondani, anakupatsani dzina loti a Lolemba. Mlamu wanga, amene munkamuyimira pa nkhani ya malire a mpanda, anamwalira mwamtendere Lamulungu, suti yake yopitira kukhoti mawa lake itasitidwa kale.

Chachitatu ndi ndale. Tsiku limene munaganiza zopikisana nawo pa chisankho munali pampando womwewu, thovu la sopo lili m'masaya, ndipo munandiuza kuti anthu kunjaku akukuitanani. Ndinasuzumira pakhomo. Panali mayi mmodzi yekha, ndipo ankaitanira nthochi. Komabe munapambana, ine n'kumeta anthu asanu ulele chifukwa cha chimwemwe. Zipani munasintha zinayi, ndipo mukasintha munkabwera kuti ndisunthenso mzere wa tsitsi lanu: kumanzere, kenako kumanja, kenako pakati. Pofika chachinayi dazi linali litatithandiza kale, munangoti ndipukute. Lamulo lanu lotchuka lija, loti chikwangwani chilichonse chikhale ndi chiphaso, linayamba ndi kugwetsa changa. Sindinadandaule. Makasitomala ankandipeza potsatira fungo la sipiriti.

Musaganize kuti ndikulemba ndi mtima woipa. Ndinkakukondani, bwana, ndipo masiku ena ndimakusowani. Ndimakumbukira loya wowonda, wa nsapato zobooka kunsi, amene ankagona tulo lumo lili pakhosi pake, osaopa kanthu. Tsiku la ukwati wanu tayi ndinakumangirani ndine. Mutayamba kuyenda pa galimoto ya magalasi akuda munasamukira kwa ometa a kuhotela, ndipo ndikakuonani pa kanema ndimaona kuti kuseri kwa khutu lakumanja amakusiyirani tsitsi. Zimandiwawa ngati mwana wanga watuluka m'nyumba osasamba.

Tsono a komiti andiuza kuti pambali pa mpando adzaimikapo chidole chachikulu ngati munthu, chovala malaya oyera, lumo m'manja, kuti alendo aziona mmene zinkakhalira. Akuti achiitanitsa kunja ndipo chikubwera pa sitima. Pempho langa lagona pamenepa. Popanda mpando ndi kalilole, ndidzameta ndani, ndipo nditaima pati? Kunyumba nako mayi a ana anena kale kuti ndikayamba kuswera pakhomo tsiku lonse, mmodzi wa ife asamuka, ndipo ayamba kundifunsa kumene ndinaika chikwama changa.

Chonde, Olemekezeka, ntchito ya chidolecho mundipatse ine. Malaya oyera ndili nawo kale, lumo ndi langa, kuima kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndinazolowera. Fumbi ndizidzipukuta ndekha. Ndingopempha kuti mlendo wa tsitsi lanyankhalala akakhala pampandopo mwangozi, a komiti aziyang'ana kumbali kwa mphindi khumi. Ndipo musade nkhawa ndi pakamwa panga. Alendo akandifunsa za ntchito zimene munagwira, ndikulonjeza kuti ndidzakhala duu, monga mmene inuyo munkakhalira m'Nyumba ya Malamulo.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene ndimaudziwa bwino mutu wanu, kunja kokha,

Wometa wa pansi pa masitepe