Diresi Lobiriwira la Esinala

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Amayi amene anaiona ndi maso anaifalitsa mokwanira popanda thandizo langa, koma mbali yanga sanaimve yonse. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, choncho mupirire nane.

Ntchito ya kunjanji itatha, zaka zija tinkadya chimanga chachikasu, ndinayamba kuthandiza panyumba ya mpingo wathu kuseri kwa komboni ya Maramba, m'tauni ya mathithi aakulu, pamene ankasungira amayi osowa pogona. Mwamuna wololedwa kulowa pageti ndinali ine ndekha, wowaza nkhuni ndi kukonza mpanda. Woyang'anira nyumbayo, amayi Tembo, ankati ndine munthu wa Mulungu. Sankadziwa kuti kale, mowa ukundilamulira, ndinapitikitsa mkazi wanga Esinala, ndipo anakagona pasiteshoni ya sitima ndi kamtolo kake mpaka mvula inatha. Anabwerera, tinakhala, anamwalira osaitchulapo nkhaniyo. (Bola akanandilalatira.)

Kwathu ku Katete zovala za womwalira zimachapidwa ndi mankhwala, kenaka abale n'kugawana. Alamu anga atabwera kudzachita mwambowo, ndinabisa diresi limodzi lobiriwira la maluwa oyera, limene anavala tsiku lomupitikitsa lija. Linakhala zaka pansi pa sutikesi, losasambitsidwa, mpaka linayamba kundilanda tulo. Kutchalitchi atalengeza kuti akusonkha zovala zopita kumidzi ya chilala ku Gwembe, ndinaliponya m'thumba. Ndinati likafere komweko.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kuli zii moti mkokomo wa mathithi unkamveka chapatali, ndinadzutsa mutu pa nkhuni zanga. Pageti panali pataima mzimayi atandifulatira, kamtolo pamutu. Diresi lobiriwira. Maluwa oyera. Ngakhale chigamba cha paphewa chinali chomwecho.

Nkhwangwa inagwa yokha.

“Esinala?”

Anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope inali ya wina: Mutinta, mayi wachitonga wobwera kumene, wosakonda kulankhula. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, n'kudutsa osapereka moni. Thumba lija silinaione n'komwe Gwembe; linathera panyumba pomwepa.

Kuyambira pamenepo diresi linanditsata. Ndikamakonza mpanda, laima pansi pa mtengo wa mango. Ndikamamwa madzi pampopi, lili kumbuyo kwanga. Kenaka Mutinta anayamba kutsokomola, katsokomoledwe kouma kofanana ndi ka Esinala masiku ake otsiriza. Mtima unandiuza kuti ndamuveka munthu wosalakwa chovala cha wakufa, ndipo akatengedwa, mlandu ndi wanga.

Ndinayamba ndi ulemu. Ndinagula chitenje chatsopano kumsika.

“Ba Mutinta, tisinthane. Mundipatse diresi lakalelo.”

“Awe, ba Shikulu. Chitenge nalandila, zikomo. Dilesi sinipasa.” (Ba Shikulu, ndiye kuti agogo, ndi mmene ankanditchulira panyumbapo.)

Pofika madzulo nyumba yonse inali itamva kuti nkhalamba ikufunsira mbeta, ndipo mawu ake oyamba ndi akuti avule. (Ine amene ngakhale kuwerama ndimayamba ndapempha chilolezo kwa msana.)

Lachisanu Mutinta analichapa diresi lija. Masana amayi onse atalowa m'chipinda kukapemphera, diresi linatsala lokha pachingwe. Kunalibe mphepo, koma manja ake ankagwedera. Ndinalipatsa msana kawiri. Kachitatu ndinalitsomphola. Thumba ndinalibe, ndiye ndinalikankhira m'malaya lili chinyowere, ndipo kuzizira kwake kunandizinga m'chiuno ngati mikono ya munthu.

Pageti sindikanadutsa, chifukwa limaonekera pawindo la chipinda chopempherera. Ndinalunjika pabowo la mumpanda limene ine ndemwe ndinkazengereza kutseka. Mutu unatuluka. Mapewa anatuluka. Ndiye chinachake chinandigwira kumbuyo.

Ndinakoka. Chinakoka. Ndinaima, nachonso chinaima, koma osandisiya. M'khosi mwanga munayenderera dontho lozizira.

“Esinala, ndisiye! Ndinalakwa, mayi! Ndisiye, ndikalibweza!”

Nyimbo m'chipinda muja inadukira pakati.

Anandipeza theka ndili kunja, theka ndili mkati, dzanja la diresi litatulukira pansi pa malaya n'kukola pawaya waminga.

“Ba Shikulu,” anatero amayi Tembo, “munali kufuna kuivala imwe?”

Palibe anandikolola. Ndinafotokoza za alamu, za mankhwala ndi za thumba ndili chigonere, ndikulankhula ndi fumbi. Amayi Tembo sanaseke. Anati mwamuna wakuba zovala za amayi sangapondenso panyumbapo, pokhapokha mwini diresi atakhululuka. Panyumba pamenepo ndi pokhapo pamene ndinkadzimva kuti ndikulipako kanthu, ndiye ndinangotseka maso.

Mutinta anabwera, anakolola diresi lake pawaya, analisolola m'malaya mwanga n'kulikung'untha.

“Ine nagonapo na kumanda, ba Shikulu. Bakufa sibavuta. Bamene bavuta ni bamuna bamoyo. Chifuba ichi ni cha fodya wa mumpuno.” Anayang'ana amayi Tembo. “Basiyeni. Mukabapisha, nkhuni azatema ndani?”

Amayi anaphulika kuseka n'kubwerera kukamaliza nyimbo yawo. Mutinta anatsalira. Anayanikanso diresi, analiwongola mapewa, ndipo analankhula motsitsa mawu osandiyang'ana.

“Koma nikaivala, mendo yafuna chabe kuyenda ku siteshoni. Sinizibako chifukwa.”

Za siteshoni ndinali ndisanatchule. Ndimadziuza kuti amayi ambiri a panyumbapo anagonapo kumeneko, iyenso mwina. Mpaka lero ndikudziuzabe.

Palinso china chimene alamu anga sanachione: duku wa nsalu yomweyo, amene ndinkasunga pansi pa pilo. M'mawa mwake ndinamuchapa ndi sopo wamba, ndinapita naye asanadzuke ambiri, n'kumupachika pachingwe pambali pa diresi. Kenaka ndinavula chipewa, ndinafunsa Esinala ngati agona bwino, ndipo ndinadikira pang'ono ndisanakatenge nkhwangwa.