Tsiku Limene Ndinalowa M'nyumba Kudzera Padenga

Anzanga, poti mwafunsa za chitofu changa chija, lekani ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakaimva nkhaniyi kwa mlamu wanga Gidiyoni adzaithira nsinjiro mpaka simudzandipatsanso moni osaseka.

Zinachitika patangopita zaka zochepa nkhondo ya Ajeremani itatha. Ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ya m'mudzi cha ku Mkaika, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Marita. Inu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira, nyumba ndi yako koma dothi ndi la eni, ndipo apongozi aakazi suwayang'ana kumaso. Ine ndi apongozi anga tinatha zaka zitatu tikuthawana. Tikakumana panjira ya kudambo, iwo ankapatukira m'tchire, ine n'kutembenukira kwina n'kumawomba m'manja mpaka atadutsa. Mawu awo ndinkawadziwa, kutsokomola kwawo ndinkakudziwa, koma nkhope yawo ndinkangoiganizira.

Tsono tsiku lina ndili ku mishoni ndinaona chitofu chakale atachitulutsa kuseri kwa khitchini, poti Dona, mkazi wa mbusa wachizungu, anali atalandira chatsopano. Chinali chitsulo chakuda cha miyendo inayi, chokhala ndi kachitseko kutsogolo. Ndinali nditachionapo chikugwira ntchito, moto uli m'kati, utsi ukukwera mu chumuni n'kukatulukira padenga, munthu n'kumakhala m'nyumba motentha bwino maso osatuluka misozi. Ndinachisirira. Ndinapita kukachipempha.

"Tenga," anatero Dona, "koma chumuni chake chinatha ndi dzimbiri. Ukauze mmisiri wa pano akukonzere china."

"Musavutike, Dona, ndikudziwa kapangidwe kake."

Ndinkadziwa chiyani ine? Munthu wogwira choko ndi sileti, amene chibadwire sindinapindepo chitsulo.

Tinachimanga pamtengo n'kuchinyamula anthu anayi tsiku lathunthu. Gidiyoni, amene anagwirapo ntchito ya mtengatenga kunkhondo, anayamba kudandaula tisanawoloke mtsinje wa Katete.

"Alamu, kunkhondo ndinanyamula zipolopolo, koma zinali ndi ntchito yake. Nanga ichi n'cha chiyani?"

"Chisanu cha Juni chayandikira. Mlongo wanu ndi mwana wake adzaotha moto wopanda utsi."

"Moto wopanda utsi? Chabwino, aphunzitsi, ife osaphunzira tidzangoonerera."

Pofika kumudzi, Gidiyoni anali atauza aliyense wokumana naye panjira, moti tinapeza anthu atadzaza pabwalo ngati tabwera ndi nyama ya njovu. Ine m'malo mochita manyazi ndinangotukula chifuwa, n'kuwauza kuti abwere Loweruka masana adzaone okha.

Chumuni ndinapanga ndi zitini zinayi za palafini. Ndinazing'amba ndi nkhwangwa, n'kumazipinda pozikulunga pamunsi wa Marita, ndipo zala zanga zonse zinachekeka koma sindinamve ululu, chimwemwe chinali chitandipitirira. Ndinazilumikiza china pamwamba pa chinzake, m'molumikizira n'kumata dothi la pachulu. Kenako ndinakwera padenga kukaboola polowera.

"Bambo, denga limenelo achimwene afolera chaka chomwechino," anatero Marita ali pansi, mwana ali kumbuyo.

"Kabowo kamodzi sikagwetsa nyumba."

Bowo lija linapezeka kuti lagundana ndi phaso. Munthu wanzeru akanasuntha chitofu pang'ono. Ine ndinadula phaso. Chumuni chinalowa bwinobwino, ndinamata dothi mozungulira kuti udzu usapse, ndipo pa ntchito yonseyi pamenepo pokha ndi pamene ndinaganiza ngati munthu wamkulu. Nditatsika n'kuyang'ana, ndinakumbukira kuti chumuni cha ku mishoni chinali ndi kachisoti pamwamba koteteza mvula. Ndinatenga mphika wa ndiwo, ndinakweranso, n'kuuvundikira pamwamba pa chumuni. Nditaona kuti ukugwedera ndi mphepo, ndinaumata dothi kuzungulira konse, osasiya ngakhale kampata koti nyerere n'kudutsa. Ndinatsika ndikuimba nyimbo.

Loweruka anthu anabwera mpaka m'nyumba munalibe popondapo. Akulu a mpingo ndinawakhazika pampando pafupi ndi chitofu. Apongozi anga, poti sakanalowa ine ndili momwemo, anakhala patali pafupi ndi nkhokwe yawo akusenda mtedza. Ine ndinavala buluku langa la khaki, limodzi lokhalo lophunzitsira ndi lopitira kutchalitchi, ndipo ndinayamba ndi kuwaphunzitsa ngati ana a sukulu.

"Utsi, abale, umakonda kukwera. Ukaupatsa njira, sulimbana ndi munthu."

Ndinayatsa moto n'kutseka kachitseko kaja. Anthu onse anayang'ana pa chitofu. Pang'ono pang'ono utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa chitseko, kenako m'molumikizira monse muja, kenako pansi pa miyendo ya chitofu.

"Chikuzolowera," ndinatero, ndipo ndinawonjezera nkhuni.

Kodi munaonapo anthu aulemu akulimbana ndi chifuwa kuti asachititse manyazi mwini nyumba? Misozi ili mbwembwembwe, pakamwa atatseka, mapewa okha akugwedezeka. Akulu a mpingo ndi amene anayamba kugonja. Anaimirira n'kunena kuti akukayang'ana mbuzi zawo, pamene mudzi wonse unkadziwa kuti mbuzi alibe. Atangotuluka, onse anathamangira pakhomo nthawi imodzi. Marita anandikoka dzanja tili panja, maso ali psuu.

"Bambo, utsi uja munati ukonda kukwera. Nanga ukakwera n'kupeza mphika, upite kuti?"

Ndinayang'ana padenga. Mphika unali phee pamalo pake, utsi ukutuluka m'khonde monse, pakhomo, m'ming'alu ya khoma, paliponse kupatula pa chumuni. Apa ndinaona kuti udzu ukhoza kuyaka, ndipo mbewu yathu ya chimanga inali yopachika m'nyumba momwemo. Ndinathamangira kuseri kumene kunali makwerero. Koma ngakhale pa changu chotere ndinakumbukira buluku langa, kuti likada ndi mwaye mawa ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Ndinalivula, ndinalikoleka pampanda, n'kumanga m'chiuno kansalu kakale kamene kanali padzuwa.

Chimene sindinadziwe n'chakuti apongozi ataona utsi anaganiza kuti nyumba ya mwana wawo yapsa. Anafunsa kuti aphunzitsi ali kuti, anthu n'kuwayankha kuti atuluka. Iwo anasenza mtsuko wa madzi n'kulowa.

Ine ndinakwawa padenga mpaka pa chumuni, ndinagwira mphika ndi manja onse awiri. Unali wotentha ngati wangochoka pamafuwa. Ndinadzidzimuka n'kudumphira m'mbuyo, ndipo ndinakatera penipeni pamene ndinadula phaso paja. Ndinangomva kuti phwa! Miyendo inalowa, chiuno chinalowa, mimba inalowa, ndinakakodwa m'khwapa. Kansalu kaja kanakana kulowa nane. Kanatsala pamwamba pa udzu katandizungulira m'khosi.

Taganizani, anzanga. Kumtunda mutu wa mphunzitsi ukuyang'ana mudzi wonse, kumunsi thupi lake lili lende m'nyumba monga anabadwira, mapazi ali pafupi ndi chitsulo cha moto. Kutentha kunkandinyambita m'zidendene. Ndinapalasa miyendo, ndinaitana Marita, ndinaitana Gidiyoni. Gidiyoni anali atagona pansi pabwalo akumenya dothi ndi dzanja, mpweya utamuthera ndi kuseka. Marita anali atakhala pansi atabisa nkhope m'nsalu, msana wokha ukugwedezeka.

Kenako pansi panga panamveka kuti tswee, madzi athiridwa pamoto, nthunzi n'kundikwera thupi lonse. Ndinati ndapulumuka. Ndiye ndinamva kutsokomola. Kutsokomola kumene ndinakhala ndikukuthawa zaka zitatu.

Ndinapemphera kuti phaso lina lithyoke lindigwere pamutu basi zithe. Kenako ndinamva chinthu cholemera chikukokedwa kuchokera pakhonde, n'kudzaima pansi pa mapazi anga. Mawu a apongozi anamveka, odekha ngati akupempha mchere.

"Iwe mtondo, uwauze eni miyendoyi kuti akuponde."

Ndinafufuza ndi chala cha kuphazi mpaka ndinaupeza mtondo uja atauvundikira. Ndinaponda. Tsono ndiyankhe bwanji? Ndinaweramitsa mutu m'udzu.

"Mtondo, uwauze kuti ndathokoza kwambiri."

"Mtondo, uwauze asiye kupalasa, andimenya kale kawiri pamutu."

"Mtondo, upepese. Uwafunsenso ngati angayambe atuluka, chifukwa potsika pano nsalu sinditsika nayo."

"Mtondo, zimenezo ndaziona kale. Ndikutuluka."

Nditamva mapazi awo atafika panja, ndinakweza manja m'mwamba n'kutsetsereka, udzu ukundikala nthiti, mpaka ndinakagwera m'matope a phulusa. Buluku linali kuseri pampanda, anthu anali pakhomo. Ndinadzikulunga mphasa n'kutuluka ndikuyenda timapazi ting'onoting'ono, wakuda bii ndi mwaye. Akulu a mpingo, amene anali atabwerera kuchokera ku mbuzi zawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, utsi watha ndithu," anatero mwaulemu wonse.

Nyumba sinapse, mbewu inapulumuka, koma ine tsiku limenelo sindinatulukenso panja. M'mawa mwake tisanapite kutchalitchi ndinagwira nkhuku yaikazi yonenepa n'kumutuma Marita kuti akapereke kwa amayi ake, akandipepesere. Sanachedwe. Anabwerera nkhuku ili m'khwapa, ndipo anayesa katatu kuyankhula, kuseka kukumutsamwitsa.

"Akuti chiyani? Akwiya?"

"Akuti nkhuku isungeni, iikire mazira mdzukulu wawo. Akuti kuyambira lero muzipatsana moni ngati anthu, zothawana zatha."

"Basi?"

"Akutinso poti kwina konse akuona, yatsala nkhope yokha. Mubwere nayo madzulo ano aimalize."

Ndinapita, anzanga, ndikanatani? Anandiyalira mphasa, anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti kumtunda kuno nakonso si koipa. Lolemba ndinayenda ulendo wa ku mishoni kukagwada kwa mmisiri uja, anabwera n'kukonza chumuni tsiku limodzi, kachisoti kake atakakweza pa timiyendo titatu kuti utsi uzidutsa. Gidiyoni anafoleranso denga, akuimirira kawirikawiri kuti apume kuseka. Ine ndinalumbira kuti padenga sindidzakweranso, kaya padontha kaya pamera dzungu. Ndipo tsoka likadzandikakamiza, ndidzakwera nditavala buluku, lamba nditamanga zolimba, lide mmene lingadere.