Root pa Foni ya Apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamalo oipa, koma poti ku Tsangano kuno ngakhale mbuzi zaimva, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndipo chitsiru chake ndine. Sekani, palibe mlandu. Ine ndiye sindinayambe kuseka mpaka lero.

Kwathu ndi ku Kandeu, kuno ndinabwera kudzakwatira. Ndine mkamwini. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulima kachewere pa dimba la apongozi anga aamuna, dimba loti madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Sukulu ya ana, feteleza, sopo, zonse zimatuluka pamenepo.

Apongoziwo anatisiya chaka chatha. Ali chigonere, anasiya mawu mu foni ya akazi awo onena kuti dimbalo ndi la mwana wawo Esinati, amene ndi mkazi wanga. Koma mng'ono wa malemu, a Fulatiyele, anakanitsitsa. Amati dimba ndi la mbumba ya kwawo, ndipo mkamwini alibe mpando pa nkhani ya malo. Pomaliza abale anagwirizana kuti akhale pansi Loweruka, amve okha mawuwo. Malemu akamveka akutchula Esinati, nkhani yatha. Akapanda kumveka, dimba lapita.

Lachitatu m'mawa mkazi wanga analowa ndi foni ija ataikulunga m'kampango.

"Bambo a Tadala, mayi akuti foniyi ikuchedwa. Ukaidina imayamba yaganiza kaye. Akuti muione, isakatichititse manyazi Loweruka."

"Basi? Isiyeni pamenepo. Imeneyo ndi ntchito ya five minutes."

Muyenera kudziwa kuti pamudzi pano amanditchula kuti injiniya. Dzinali ndinalipeza tsiku lomwe ndinachotsa flight mode pa foni ya mkulu wa mpingo, amene anakhala sabata yathunthu akudandaula kuti network yamulodza. Kuyambira pamenepo ndimayenda chifuwa patsogolo.

Ndinati ndiyambe ndamva mawu otchukawo, poti ndinali ndisanawamvepo. Ndinatsegula recorder. Mulibe kanthu. Ndinatsegula pa nyimbo. Makwaya okhaokha. Ndinabwereranso ku recorder ngati kuti mawu angamere ndikuyang'ana. Mbee!

Mayo ine! Mawu afufutika!

Munthu wanzeru akanadzuka n'kukafunsa mwini foni. Koma ine ndi apongozi akazi sitiyankhulana, ndi mwambo. Tikakumana panjira wina amakhotera m'chimanga. Pa zaka zonsezi nkhope yawo ndimaidziwa cham'mbali, ngati mutu wa pa ndalama yachitsulo. Ndikanatha kutuma mkazi wanga, inde. Koma ndinadziwa kuti ndikangoti "mawu palibe," maliro ayambiranso pabwalo. Ndiponso, ndisaname, mumtima munali kakunyada. Ndinadziona ndekha Loweruka nditaima pakati pa anthu ndikunena kuti, "Mawuwa anatayika, koma injiniya wawaukitsa."

Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, poti pabwalo foni imangogwira network ya ku Mozambiki. Ndinapeza ka app kobweza zinthu zofufutika. Kanandiyankha mwachidule kuti popanda root sikagwira ntchito.

Kwa amene simudziwa, root ndi kuthyola maloko onse a foni kuti iweyo ukhale bwana wa chilichonse chili mkatimo, ngakhale zimene a kufakitale anabisa. Ine ndinazidziwa tsiku lomwelo, pachulu pomwepo, kwa bambo wina wa pa intaneti amene amalankhula Chingerezi ngati akuthamangitsidwa ndi agalu.

Bamboyo anati ndidine pa build number kasanu ndi kawiri. Ndinadina. Foni inalemba kuti tsopano ndine developer. Developer, ine! Ndinatsika pachulu ndikuyenda ngati nduna.

Ndinaika ka app kena koyezera ngati root yalowa. Kakafiira ndiye kuti palibe, kakabiriwira ndiye kuti zatheka. Ndinadina verify. Kufiira, ndi ka "sorry" pamwamba.

"Foni ija yatheka?" anafunsa mkazi wanga masana.

"Ikupanga update."

"Mayi akuifuna."

"Auzeni apirire. Foni ikakhala pa update siigwidwa, ili ngati mayi wachikuta."

Lachinayi ndinalawira pa njinga kupita pa msika wa Tsangano kwa Jivasi, mnzanga wokonza mafoni amene ali ndi kabenchi pakati pa ogulitsa anyezi ndi okazinga chipisi. Jivasi ndi bambo wa ana anayi, ndevu zayamba imvi, ndipo ali ndi laputopu yomangidwa ndi selotepi.

"Aise, ukufuna root pa foni ya agogo? Akufuna azipanga hack ma bank?"

"Zisiye zimenezo. Muli chinthu chinafufutika."

Tinalumikiza. Laputopu sinaione foni. Tinasintha chingwe, kunapezeka kuti choyambacho chinali chongotchajira. Tinalumikizanso. Laputopu inati ikufuna driver, ka pulogalamu koti iizindikire foniyo. Data inathera panjira, ndinakagula ina. Magetsi anazima. Tinadikira tikudya chimanga chootcha. Atayaka, laputopu inayamba nayo update yake.

Dzuwa litapendeka, foni inatulutsa uthenga wautali wa tizilembo ting'onoting'ono. Jivasi anachotsa dzanja pa batani.

"Apa ndiye pamphambano. Tikapanga unlock, foniyi ipukutika yonse, ikhala ngati yangotuluka m'katoni. Backup unapanga?"

"Backup ya chiyani poti chimene ndikufunacho chinapita kale? Root ikalowa zonse zibwerera, zakale ndi zatsopano zomwe."

"Ndani wakuuza?"

"Bambo wa pa intaneti."

"Nanga zithunzi? Waonamo mu gallery?"

Apa ndinapsa mtima zenizeni.

"Iwe Jivasi, unaleredwa kuti? Ine ndizitsegula zithunzi za apongozi anga? Munthu amene sindimuyang'ana kumaso panjira, ndizikamusuzumira mu foni? Mwina ajambulitsa opanda duku! Ine si wamwano ayi."

"Ndiye ndione ineyo."

"Iwe ndiye ndani? Dina yes!"

Jivasi anapukusa mutu. "Dina wekha, ine ndili ndi ana."

Ndinadina ndekha, ndi chala changa ichi. Foni inazima, inayaka, n'kundilonjera mu Chingerezi ngati sitinaonanepo. Ndinabwezeretsa ka app koyezera kaja mwachangu. Verify. Kufiira!

"Unlock si root," anatero Jivasi akutseka benchi. "Apa tangotsegula geti, m'nyumba sitinalowe. Ubwere mawa."

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mayi afunsa kawiri lero. Akuti tsiku silinawayendere bwino popanda foni yawo."

"Amaimbira ndani kodi? Airtime yomwe sakhala nayo."

"Bambo a Tadala, foni ili bwino?"

"Ili bwino kuposa kale. Panopa ndi developer."

Lachisanu tinalowetsa fayilo imene inayenera kubweretsa root. Foni inazima, inaonetsa dzina la kampani, inazima, inaonetsanso dzina la kampani, inazimanso. Inachita zimenezo kuyambira teni koloko mpaka ogulitsa kabichi atayamba kupakira.

"Bootloop," anatero Jivasi modekha ngati akutchula dzina la mwana wake. "Watenga fayilo ya model ina. Yako ikuthera ndi B, iyi ndi ya D."

"B ndi D si pachibale?"

"Iwe ndi a Fulatiyele si pachibale?"

Thukuta linali likutsika mumsana pamene ku Tsangano kumazizira mpaka mano kugundana. Tinafunafuna fayilo ya B, tinaipeza, foni inadzuka. Verify. Kufiira! Restart. Verify. Kufiira! Ndinaipukuta galasi ndi malaya. Ndinaiyankhula mwaulemu. Ndinaitukwana. Kufiira!

Loweruka ndinafika pa benchi Jivasi asanatsegule. Msonkhano unali wa naini koloko. Jivasi anandiyang'anitsitsa ndikudina, kenaka anandigwira dzanja.

"Taima. Ka bokosi katuluka apaka, ukudina chiyani?"

"Deny. Ndi ma advert amenewo, amadya data."

"Advert ya chiyani! Foni ikukufunsa ngati ukuloleza root kugwira ntchito, iwe ukuikaniza! Root inalowa dzulo madzulo. Dina grant!"

Ndinadina grant. Verify. Abale inu, kubiriwira! Kubiriwira ngati dimba la kachewere mu Juni, ndi "congratulations" pamwamba. Ndinakuwa mpaka mayi wogulitsa anyezi anataya mulu. Ndinaikanso ka app kobweza zofufutika kaja n'kukayatsa, kanayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ine n'kuika foni m'thumba la jekete, ulendo pa njinga osagwira buleki.

Ndinapeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mapichesi. Amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Apongozi anakhala chondifulatira monga mwa nthawi zonse. A Fulatiyele anali atavala chipewa chawo cha ubweya, ndodo ili pamiyendo.

"Akamwini, takudikirani. Tiyeni timve mawu a achimwene."

Ndinaima, ndinakonza jekete, ndinatsokomola.

"Makolo anga, ndisanayambe ndikudziwitseni kuti panagwa ngozi. Mawu aja anafufutika mu foni."

Pa mphasa panamveka "Hii!" Mkazi wanga anagwira pakamwa.

"Koma musadandaule! Masiku atatu ndalimbana nayo. Taonani apa." Ndinazungulira ndi foni ndikuonetsa aliyense kubiriwira kuja. Akuluakulu anagwedeza mitu mwaulemu ngati ndawaonetsa satifiketi. "Panopa makina akubweza zonse. Ali pa ninety-four percent."

Tinadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ninety-nine. Handiredi!

Zinthu zopezeka zinali zisanu ndi chimodzi. Ma ringtone anayi, chithunzi cha nyanja ya kwa azungu, ndi chithunzi cha duwa. Ndinadina ringtone yoyamba poganiza kuti mwina malemu abisala mmenemo. Inalira ngati belu la njinga.

Apongozi sanatembenuke. Anayankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti mphepo indifikitsire.

"Esinati, uwauze amuna akowo asavutike. Atsegule pali zithunzi paja. Si mawu okha ayi, ndi vidiyo. Bambo ako akuoneka atakhala pa mphasa atafunda bulangete lawo lija. Ndaonera Lachitatu m'mawa ndisanakupatse foniyo."

Ndinayang'ana foni ili m'manja mwanga.

"Ndimaonera m'mawa uliwonse ndikamamwa tiyi," anapitiriza. "Kumapeto kwake amaseka. Uwauze atsegule."

Ndinatsegula gallery kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Inali yoyera ngati mbale yotsuka. Vidiyo, zithunzi za pa ukwati wathu, za zidzukulu, za pa maliro, zonse ndinazipukuta ndine Lachinayi, Jivasi akundiletsa. Chimene ndinakhala ndikuchisaka masiku atatu chinali chili momwemo, chikungodikira munthu wamwano pang'ono kuti achione.

"Bambo a Tadala," mkazi wanga ananong'ona, "muli chiyani mmenemo?"

"Muli malo ambiri," ndinatero.

Apongozi sanakuwe, sananditukwane. Anangokoka chitenje n'kudziphimba kumutu, mapewa akugwedezeka. Bola akanandigenda ndi mwala. Za dimba ndinaziiwala kaye panthawiyo. Chinandipweteka n'chakuti mayi uja ndinamuphera mwamuna kachiwiri, ndipo mwambo womwewo sunandilole ngakhale kugwada pamaso pake n'kupepesa. Ndinapepesera kwa mkazi wanga kuti akapereke, iye n'kundiyang'ana ngati ndine chimbudzi chodzadza.

A Fulatiyele okha ndi amene nkhope inawala. Anandikodola ndi ndodo.

"Akamwini, tabwerani nayo kuno. Ife sukulu tinalekera panjira, mutithandize. Zobiriwira mumationetsa zija zikutanthauza chiyani kwenikweni?"

Chitsiru sichidziwa polekera. Ndinayankha.

"Zikutanthauza kuti root yalowa bwinobwino, bambo. Ndiye kuti ineyo ndili ndi ulamuliro wonse pa foniyi. Palibe chimene ingandikanize."

"Wonse?"

"Wonse, bambo."

A Fulatiyele anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza, anakonza chipewa.

"Zakoma. Ndiye tagawana bwino, palibe wodandaula. Inu lamulirani foni, ife tikalamulire dimba."

Ulemu wosafunsa ndi uchitsiru wovala jekete.